Mowa wa Mzungu Ndinaulawa Kamodzi

Anthu a kuno akamanong'onezana kuti mkulu uja ukwati wake unathera ku mowa, ine ndimangowayang'ana. Sakunama kwenikweni, koma sadziwa chimene akunena. Mowa wa azungu ndinaufulula ndi manja angawa, ndinausenza, zovala zanga zinanunkha fungo lake, koma kukhosi kwanga unadutsa kamodzi kokha. Sunakwane n'chipande chomwe.

Makolo anga anawoloka Ruo kuchokera ku Manguru pothawa nkhanza za Apwitikizi, nadzakhala kufupi ndi Milonde. Kumeneko ndiko ndinakulira, ndiko ndinakwatira Nachuma, n'kukamanga nyumba kwawo monga achitira mkamwini aliyense. Nachuma anali wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo pofulula mowa wa mawere, uja makolo athu ankati otheka, panalibe mnzake m'mudzi monsemo. Ndinkamukonda mkazi ameneyu, sindibisa. Ndikanakhala naye mpaka imvi pakanapanda msonkho. Koma msonkho wa nyumba unafika, ndipo wopanda ndalama ankakagwira thangata kwa mzungu, kulima munda wa eni mvula ili mkati, wako ukumera tchire. Ndinagwira thangata nyengo imodzi, ndinati ayi, ine izi sindingathe.

Amene anandiuza za ntchito za ku Halale ndi Muhiwa. Ameneyu tinalowa thezo limodzi, tinavinidwa tsiku limodzi, moti sindinkamutcha mnzanga koma achimwene. Iye anali atapitako kale kamodzi, ankalankhula Chilapalapa, chiyankhulo cha pantchito kumeneko, ndipo anali ndi chipewa. Masiku amenewo munthu wa chipewa akalankhula, tonse tinkakhala chete.

Nachuma anali ndi pakati pamene ine ndi Muhiwa tinkanyamuka. Anandimangira makaka ndi kalongonda wophikaphika, nandiperekeza mpaka pa mtsinje.

"Mupite, koma mubwere," anatero. "Alamu, ndakupatsani munthu wamoyo, mudzandibwezere wamoyo."

Muhiwa anaseka. "Alamu, uyu ndi diso langa. Chokhudza iye chakhudza ine."

Ulendo wake sindifuna kuukumbuka kwambiri. Tinayenda wapansi kudzera ku Kabula mpaka ku Tete, tinawoloka Zambezi pa bwato, kenaka thengo lokhalokha. Matekenya anandidya zala mpaka ndinkayenda ngati bakha. Apa ndinene zoona: Muhiwa anandisenzera katundu, anandizula matekenyawo ndi minga, ndipo madzi atatha m'chigubu changa anandimwetsa ake. Ndimayesetsa kuti ndiiwale zabwino zimenezi, koma sizichoka. Zikanachoka bwenzi mtima ukupweteka pang'ono.

Ku Halale anzathu ambiri anapita ku migodi ndi m'mafamu. Ife mwayi unatigwera, tinalembedwa ntchito pa nyumba yofululira mowa wa azungu. Ine ndinaseka nditamva. Kwathu kufulula n'kwa akazi, ndiye ndayenda mtunda wonsewu kudzagwira ntchito ya Nachuma? Koma phoso linalipo, tulo tinkagona m'komboni mofoleredwa ndi malata, ndipo panalibe kulowa pansi pa nthaka.

Mzungu wofulula tinamutcha Bwana Mphuno, chifukwa chilichonse ankayamba wanunkhiza: chimera, madzi, migolo, ngakhale manja athu. Mowa wake ankautcha elo. Poyamba ndinkayesa kuti ndi dzina la mkazi wake. Tsiku lina tikutsuka chimphika cha mkuwa, ndinauza Muhiwa kuti amufunse. Mzunguyo anakondwa ngati tamufunsa za ana ake, nakhala pa mgolo n'kuyamba kufotokoza, Muhiwa akumasulira. Anati mowa wa kwawo uli mitundu iwiri. Wina umafuna kozizira, umachedwa kupsa, ndipo mphamvu yake imakhala pansi pa mtsuko. Koma elo umafuna kofunda, supsa mochedwa, ndipo mphamvu yake imakwera pamwamba, n'kuchita thovu. Thovu limenelo ndiye mbewu yake. Umaliwengula, n'kulisunga, n'kulithira mu mowa wa mawa. Anati kale kwawo elo ankafulula ndi amayi m'makomo, popanda zowawitsa, anthu n'kumamwa pochokera kumunda.

"Ndiye ndi masese a kwawo basi," ndinatero ine.

Muhiwa atamasulira, Bwana Mphuno anaseka mpaka kutsokomola.

Ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Chimera chake chinali cha mbewu ya kwawo yotchedwa barele, chobwera m'matumba kuchokera kutali. Tinkachiviika m'madzi otentha, kusefa, n'kuwiritsa madzi otsekemerawo pamodzi ndi timaluwa touma towawa ngati ndulu. Akazizira, amathiramo thovu lija. M'mawa mwake ukapita umapeza pamwamba patayera, mowa ukulira pansipansi, fungo ngati nthochi zakupsa m'nkhokwe. Chimera akachikazinga pang'ono, elo ankatuluka wofiirira ngati uchi. Akachipsereza, ankada bii. Ndinaphunzira kudziwa ndi khutu kuti lero wakwiya, lero wagona. Bwana Mphuno ataona zimenezo anandichotsa kotsuka migolo, nandipatsa ntchito yowengula thovu. Muhiwa anatsala kogubuduza migolo. Anandiyamikira pakamwa, koma masiku angapo sanadye nane mbale imodzi.

Lamulo la kumeneko linali lakuti munthu wakuda asakhudze mowa wa mzungu ndi mlomo. Kufulula inde, kusenza inde, kumwa ndende. Ine sizinkandivuta. Lamulungu tinkapita kuseri kwa komboni kumene amayi ena ankafulula mowa wathu, tinkakhala bwalo, a ku Mulanje, a ku Chiradzulu, a ku Zomba, chipanda chikuzungulira, tikuimba nyimbo za kwathu mpaka ena kulira. Ndikapeza munthu wobwerera kumudzi ndinkamupatsira nsalu ya Nachuma, nthawi ina khasu, nthawi ina kandalama ka msonkho. Mmodzi wa obwera kumene anandiuza kuti ndili ndi mwana wamkazi. Ndinagula bokosi, n'kuyamba kusungamo zinthu: bulangete, mikanda, kadiresi, sopo.

Koma Muhiwa elo anamulowa m'mutu. Anapeza bango, ndipo akakhala yekha mosungira migolo ankazula chotsekera, kulowetsa bangolo, n'kuyamwa. Ndinamupeza kangapo.

"Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada," ndinamuuza. "Tinabwerera izi?"

"Iwe ndiwe wamantha," anatero akupukuta mlomo. "Tiphike ndife, adye ndi ena? Talawa, uone chimene azungu akutibisira."

Ndinakana, koma sindinamunenere kwa munthu. Unganenere bwanji munthu amene unavinidwa naye? Kapitawo anayamba kudandaula kuti migolo ina ikupepuka, natiopseza tonse kuti wakubayo akadzapezeka adzaona chimene chinameta nkhanga mpala.

Tsiku latsoka linafika ngati masiku onse. Kunabwera azungu ena, eni ake a nyumbayo, kudzaona ntchito. Munthu amene ankatumikira alendo anali atadwala. Bwana Mphuno anandikodola, nandipatsa chikho chachikulu cha chitsulo, n'kuloza mgolo watsopano, kenaka n'kuloza mlendo wamkulu. Mtima wanga unadzaza. Elo ameneyo thovu lake ndinawengula ndine, ndinamulera ndine, ndipo lero ndikamupereka ndekha kwa mwini wake.

Tsono inu mukudziwa mmene timaperekera mowa kwathu. Sungatunge mowa n'kungomupatsa mlendo ngati ukupatsa galu madzi. Umayamba walawa wekha iye akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Wopereka mowa osalawa ndi mfiti kapena wosaleredwa. Ine za lamulo lija sizinandifike n'komwe m'mutu, chifukwa kwa ine kumeneko sikunali kumwa. Ndinatunga, ndinafika pamaso pa mlendoyo, ndinagwada, ndinapsontha pang'ono, ndinapukuta m'mphepete mwa chikho ndi dzanja, n'kupereka ndi manja awiri.

Unali wowawa kutsogolo, wotsekemera pambuyo. Ndi zokhazo zimene ndinamva.

Mlendoyo anayang'ana chikho, anayang'ana ine, nakhuthulira mowawo pansi. Nkhope ya Bwana Mphuno inafiira mpaka m'makutu. Kapitawo anandigwira pakhosi, akukuwa kuti wakuba uja ndi uyu, wazolowera mpaka akumwa pamaso pa mabwana. Ndinayang'ana Muhiwa kuti awauze, iye amene ankadziwa chiyankhulo chawo ndi mwambo wathu womwe. Anali ataima pakhomo, maso ali pa zala za kumapazi.

Ku bwalo la milandu ndinali ndisanataye mtima. Ndinkati dzulo Muhiwa anachita mantha, lero alankhula. Anamuitanadi ngati mboni, poti ndiye ankagona nane chipinda chimodzi. Womasulira wa pabwalopo ankabweza mawu onse m'Chinyanja, choncho palibe chimene chinandiphonya.

"Munthu uyu ndimamudziwa," anatero Muhiwa. "Ndi yemweyu amayamwa m'migolo ndi bango. Ndakhala ndikumuletsa, samva."

Bango lija analitulutsa iye mwini, nati analipeza pansi pa mphasa yanga.

Ndinangoti, "Achimwene." Sanatembenuke. Bwana Mphuno anali pomwepo, chipewa chili pa bondo. Munthu amene ankanunkhiza manja anga tsiku ndi tsiku ankadziwa bwino kuti m'kamwa mwanga simunanunkhepo mowa wake. Naye sanatsegule pakamwa.

Anandikwapula, nanditsekera. Tinkaphwanya miyala ya msewu titamangidwa unyolo awiriawiri. Potuluka, chitupa changa chinali chitaipa, palibe mzungu wa m'tauni akanandilemba, ndipo osakhalitsa anandigwira ngati mlova wopanda ntchito n'kunditumiza ku chibalo, ku mgodi wina wakutali kumene munthu sasankha tsiku lochoka. Kumeneko kunalibe wa kwathu woti ndimutume mawu. Ndinkafunda chiguduli chimodzi ndi mkulu wina wa ku Sena, dzina lake Thomasi, amene ankandigawira fodya ndi kundiseka kuti ndine munthu woyamba kumangidwa chifukwa cha ulemu. Chifuwa chinamutenga ndikuona. Ine chimene chinandisunga ndi Nachuma. Ndikatsika m'dzenje ndinkati, mkazi wanga akundidikira, mwana wanga sanandione. Za Muhiwa ndinkaziikira padera, ndinkati tikakumana kumudzi.

Mvula zinagwa zingapo ndisanamasulidwe. Ndinagwirako ntchito pa famu ina kuti ndipeze ya panjira ndi nsalu imodzi, n'kuuyamba ulendo. Tsiku limene ndinaona phiri la Mulanje litatulukira patali ndinakhala pansi m'njira.

Ndinafika m'mudzi dzuwa lili pamutu. Mayi wina amene ankachokera kumadzi atandiona anaponya mtsuko, n'kuthawa akulira. Anthu anatuluka m'nyumba, koma palibe anandiyandikira. Wina anatapa dothi n'kundiwaza, kuti aone ngati ndizimiririke. Ine ndinangoima, dothi lili m'tsitsi, nsalu ili m'khwapa. Kenaka anatumiza mawu kwa amalume anga, amene anali ankhoswe a ukwati wathu, ndipo anabwera akuthamanga, ukalamba uli apo. Anandigwira mkono, naufinya.

"Mphwanga, ndiwe? Ife tinakulira kalekale."

Ananditengera kwawo, nandifotokozera. Muhiwa anabwera ndi bokosi langa pamutu, bulangete, mikanda, kadiresi, zonse. Anati ndinadwala m'mimba, ndinafera m'manja mwake, ndipo anandiika yekha. Analira mpaka anthu kumugwira. Munthu wabwera ndi katundu wa malemu, ndani akanakayika? Anameta, anafulula mowa wa maliro anga, mudzi wonse unamwa, ndipo amalume ndi pakamwa pawo anamusudzula Nachuma kuti ndi womasuka. Patapita nthawi Muhiwa anamufunsira. Anthu anayamikira kuti ndi munthu wachifundo, akulera mwana wa mnzake.

"Muhiwayo ali kuti?" ndinafunsa.

"Atangomva kuti wafika, wathawira ku Likhubula. Akuti wakwera phiri ndi ocheka matabwa."

Ndikanamupeza tsiku limenelo, bwenzi nkhani ino akukuuzani ndi ena. Amalume anandikhazika pansi.

"Mtima pansi, mphwanga. Kusudzula kuja kunachitika pa bodza, ndiye mlandu ulipo. Tiitana ankhoswe a kuchikazi. Mkazi akangonena kuti mwamuna wanga ndi uyu, Muhiwa atola zake, iwe ubwerera m'nyumba yako. Zonse zili pakamwa pa Nachuma."

Mawu amenewo anandipatsa mphamvu. Ndinati, Nachuma ananamizidwa ngati mmene ndinanamiziridwa ine. Tonse awiri tinalumidwa ndi njoka imodzi. Ngakhale atakhala ndi mwana wa munthu uja, ndilera, si mlandu wa mwana.

M'mawa mwake ndinapita. Nyumba inali yomwe ija ndinamanga ine, denga lokha ndi limene linali latsopano. Ndinamupeza akusinja, khanda lili kumbuyo. Kamtsikana kanali pambali kakupeta, ndipo nditakayang'ana ndinaona chipumi cha mayi anga. Nachuma anakauza kuti kapite kwa agogo ake. Anandiyalira mphasa, iye nakhala pansi chapatali, monga achitira ndi mlendo.

"Mwabwera," anatero.

"Ndabwera, monga unandiuzira."

Ndinamufotokozera zonse, za chikho, za bango, za unyolo, za mgodi. Anamvetsera osandidula, akugwedeza khanda. Nditamaliza ndinati, "Usaope. Sindikukuimba mlandu. Iwe sunkadziwa."

Anayamba kufukula pansi ndi kamtengo.

"Ndinkadziwa," anatero.

Ndinayesa kuti sindinamve bwino.

"Mowa wa maliro anu uli m'mitsuko, usanapse, ndinapita ku Chonde kukasuma mchere. Ndinakumana ndi bambo wina wochokera ku Halale. Anandiuza kuti anakuonani ndi maso ake mukuphwanya miyala, unyolo uli kumwendo."

"Ndiye unauza ndani?"

"Palibe."

"Ngakhale amalume?"

"Palibe, ndatero."

Sanalire, ndipo mawu ake sananjenjemere. Anati chaka chimene katundu wanga analeka kufika, asilikali a msonkho anabwera, namumanga chingwe m'chiuno pamodzi ndi akazi ena a amuna osowa, mwana ali kumbuyo, n'kukawasunga ku boma mpaka abale atawaombola. Anabweranso kachiwiri. Zimene zinamuchitikira kumeneko anati sadzauza munthu.

"Mkazi wa mtchona amamangidwa," anatero. "Wamasiye samugwira. Munthu wa unyolo sindinkadziwa ngati adzabwera. Ndinabwerera kumudzi, ndinasefa mowa uja, ndinaupereka kwa anthu."

Bodza la Muhiwa ndinali nditalisenza zaka zonsezo, ndinalizolowera. Koma uyu ndi amene ndinkamutchula m'dzenje, uyu ndi amene anandiletsa kufa. Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kumugwira mapazi, zonse pakamodzi. Chimene chinatuluka ndi funso lokha.

"Nanga ankhoswe akakufunsa mawa, udzati chiyani?"

Anandiyang'ana m'maso koyamba chifikire.

"Ndidzati mwamuna wanga anamwalira ku Halale. Ndinamulira, ndinameta, tsitsi linamera. Sindingathe kuyambiranso."

Anadzuka, natenga munsi, n'kupitiriza kusinja.

Ndinauza amalume kuti asavutike kuitana anthu. Sabata yomweyo ndinakalembetsa ntchito ku munda wa tiyi, thangata lomwe lija ndinalithawa, ndipo ndikukhala komweko mpaka lero. Muhiwa anatsika phiri atamva kuti mlandu kulibe, ndipo akandiona patali amakhota njira. Nachuma yekha ndiye sakhota. Tikakumana pa msika wa Milonde amaima, n'kupinda bondo pang'ono, mwana wanga ali pambali pake.

"Muli bwanji, bambo?" amatero. "Iwe, apatse moni alendowa."

Mwanayo amandipatsa moni, ndipo ine ndimayankha.